Bondo la Tome

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinatsala pang'ono kuthetsa banja la akulu anga, a Rozina. Tinkakhala kufupi ndi Ntengo-Wambalame, m'zaka zoyamba za ufulu, nkhondo imene inatithamangitsira ku Malawi isanafike kwathu.

Ku sikola kwathu kunabwera aphunzitsi achinyamata ochokera ku Tete. Tsiku lina analowa m'kalasi atanyamula mwendo wa mbuzi wosenda kale, ntchentche zikuwatsatira. Anatisonyeza kafupa kozungulira kokhala patsogolo pa bondo, nati pa Chipwitikizi dzina lake ndi rotula. Atakoka mtsempha wodutsa pa kafupako, mwendo wakufa uja unawongoka ife tikuona. Kenaka anatiuza kuti kalekale, midzi isanakhaleko, amene anthufe tinachokerako ankayenda chowerama, manja akuthandiza miyendo. Anati mafupa ofukulidwa m'nthaka amasonyeza mmene bondo linasinthira pang'onopang'ono: ntchafu zinapendekera mkati, ndipo kangalande kamene rotula imakhalamo kanakwera mbali imodzi kuti kafupako kasaterereke munthu akaima chilili. Anzanga ankatsinana n'kumaseka. Ine ndinagwira bondo langa pansi pa benchi, ndikumva kafupako kakusuntha, ndipo pa zonse zimene zinanenedwa ndinatolapo chimodzi chokha, chakuti popanda kafupa aka munthu saimirira.

Kunyumba kunali mwana wosaimirira. Tome, mwana wa a Rozina, anali atakwana chaka ndi miyezi isanu ndi itatu akukwawabe, pamene anzake obadwa nyengo imodzi ankathamangitsa nkhuku. Bambo ake, alamu anga a Feresiano, anali mkamwini pamudzi pathu. Ankagulitsa mbatata ya kachewere ku msika wa kumalire, ndipo masiku ena ankagona komweko. Akuluakulu sankanena poyera, koma chimene chinali m'mitima chinkadziwika. Kwathu amati bambo akayenda ndi mkazi wina mwana ali wakhanda, wamusempha mwanayo, ndipo thupi la mwana ndilo limaulula.

Nditafika ndinapeza amayi ndi akazi ena akupuntha nyemba pabwalo. Ndinanyamula Tome, ndinamukhazika pamiyendo panga, n'kudina bondo lake monga mmene ndinadinira langa. Zala zanga zinangolowa pofewa. Ndinadina linalo, chimodzimodzi. Ndikadakhala chete, koma ndinafuna kuti adziwe kuti ku sikola sindinkapita pachabe. Ndinati mokweza: "Mwanayu alibe fupa la pabondo. Sangayende."

Ndodo zopunthira zinaima. Amayi anapukuta manja, nagwira bondolo, ena onse anagwiranso mmodzimmodzi. A Rozina anangoima ndi lichero m'manja. Kutacha, nkhani inali itafika kwa amalume a Simoni, nkhoswe ya banjalo. Iwo anati kale ankangoganizira, koma tsopano ngakhale sikola yaona. Anatumiza mawu kwa nkhoswe ya kuchimuna kuti akumane Loweruka.

Masiku atatu amenewo sindiwaiwala. A Rozina sanandikalipire, ndipo kukhala chete kwawoko ndiko kunandipweteka. Ndikafuna kubereka Tome ankamutenga m'manja mwanga osandiyang'ana. Alamu anamanga bulangete ndi malaya awo awiri pampini wa khasu, n'kutsamiritsa pakhomo, pomwe aliyense wodutsa ankaona.

Lachisanu ndinatsalira anzanga ataweruka. Ndinafotokozera aphunzitsi m'Chipwitikizi changa chothyokathyoka. Anandifunsa msinkhu wa mwanayo, ndipo nditawauza anagwira mutu. Anati khanda lililonse limabadwa kafupako kali kofewa ngati chicherewecherewe cha khutu, ndipo kamayamba kulimba mwana ali ndi zaka zitatu kapena kupitirira, atayenda kalekale. Ndinawapempha ndikulira kuti abwere adzanene okha. Anakana. Anati iwo ndi mlendo, ndipo akalowa mlandu wa banja anthu adzati boma layamba kusuzumira m'zipinda. Anati amene analankhula ndine, ndipo wokakonza ndine ndemwe.

Loweruka anakhala pansi pa mtengo wa mapichesi, amuna pamipando, akazi pamkeka. Mwana saloledwa pamalo otere, choncho ndinabisala kuseri kwa nkhokwe. Ndinamva amalume akunena kuti ngati a Feresiano savomera kulakwa kwawo kuti mwana apatsidwe mankhwala, atenge khasu lawo azipita. Alamu anayankha motsitsa: "Ndivomere chimene sindinachite, apongozi?" Nkhoswe yawo inkangojambula pansi ndi kamtengo.

Pafupi nane pankasewera kamtsikana, Maria, kobadwa mwezi umodzi ndi Tome, kamene kankathamanga mudzi wonse. Bambo ake anali katekisita wa tchalitchi chathu. Ndinakanyamula, ndinalowa pabwalo chogwada mpaka pamene panakhala amayi aakulu, a Nachisale, amene anali azamba. Amalume anandilamula kuti ndichoke. Sindinawayang'ane, chifukwa ndikadatero ndikadathawa. Ndinanong'oneza a Nachisale kuti ndinanena zosamaliza kuphunzira, ndipo ndinawapempha kuti agwire bondo la Maria.

A Nachisale anamulandira mwanayo. Kenaka anagwira bondo la Maria, anagwira la Tome, nabwereranso pa la Maria. Anaitanitsa mwana wina wa zaka ziwiri, namugwiranso. Atamaliza anadzuka, nakaika Maria pamiyendo ya amalume.

"Alongo, gwirani nokha," anatero. "Uyu amathamanga. Kodi a katekisita nawonso tiwamangire katundu?"

Amalume anadina bondo la kamwanako kawiri. Mkazi wina anaphimba pakamwa ndi chitenje. Kenaka amalume anatsokomola, nati nkhani ya fupa ithe, mwana apatsidwe nthawi, ndipo mkamwini abwezere katundu m'nyumba. Mawu opepesa sanatuluke pakamwa pawo.

Wopepesa ndinali ine. Amayi anandigwira dzanja kupita nane kwa alamu, ndipo tinawapeza akumasula luzi la pabulangete lija. Ndinagwada kuti ndipepese. Iwo anati: "Dzuka, mlamu. Iwe unangonena zimene akuluakulu ankadikira kumva. Koma ukamva chinthu ku sikola, uziyamba wafunsa ngati chathera pomwepo."

Tome anayenda miyezi iwiri pambuyo pake, tikukumba kachewere, ndipo banja lija linakhala mpaka imfa inalilekanitsa. Ine ndinapitiriza maphunziro, ndipo lero ndakalambira kuno ku Furancungo. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti cholakwa changa chinali kudziwa pang'ono. Tsopano ndikuona kuti panalinso china. Pamene ndinanena zoipa za alamu, mawu a mwana wa zaka khumi ndi zitatu anakwanira kusonkhanitsa ankhoswe, popanda wofunsa ngati ana ena ali nalo fupalo, ngakhale azamba amene anasambitsa makanda a mudzi wonse. Pamene ndinabwera ndi zoona, panafunika mawondo a ana atatu. N'chifukwa chake pa milandu ya abale anga, anthu akandivomera msanga pa mawu okhudza munthu wobwera, ndimayamba ndaleka kulankhula, n'kufunsa ngati pali amene wagwira ndi dzanja lake.