Tinamuika Esnati Popanda Yohane

Ndinadzuka kusanache, khosi likuwawa chifukwa ndinagona chokhala pa siwa ya mng'ono wanga Esnati. Kuseri kwa nyumba yathu ya lendi ku Overport, kudziko la eni kuno, amayi anali atayatsa kale moto, akudula kabichi. Dzuwa linali lisanatuluke koma thukuta lili kamukamu.

Anthu atayamba kutsika m'matakisi, nyimbo inali imodzi: Esnati anali mayi waulemu, wochezeka, wa kwaya. Ine mtima unkangowira. Esnati ndi mlongo wathu Yohane ankadwala matenda amodzimodzi a m'mutu, omva mawu a anthu osaoneka. Jakisoni ankabayitsa tsiku limodzi, kiliniki imodzi. Koma Esnati ankapereka moni, ankachapa kwa abwana ake ku Queensburgh, mpaka anakwatiwa. Mawuwo ankakangana nawo chapansipansi akutsuka mbale. Yohane matendawa anamugwira ali mnyamata, asanapeze ntchito kapena anzake, ndiye amangokhala m'chipinda kuyang'ana khoma. Basi, wina mayi wabwino, wina wamisala. Anthu inu!

Bokosi litatsala pang'ono kutuluka, amalume anandikokera pambali.

"Yohane atsale kaye. Akayamba kulankhula yekha pamsewu, anthu a kuno atiyang'ana. Ndimutumizira galimoto."

"Ankolo, ndi mlongo wake uyu."

"Yebo, ndamva. Abwera."

Kumanda kunkawaza mvula. Abusa analalikira, kwaya inaimba, ine maso ali kugeti. Atanena kuti achibale aponye dothi, ndinafunsa amalume za galimoto ija. Anangoyang'ana pansi. Ndinakuwa pamaso pa aliyense, m'Chichewa chomwe timabisa m'takisi poopa eni dziko chija, kuti ndi abodza, opanda chisoni. Ndinati amene ankamumeta Yohane, kumuphikira, kumugwira dzanja popita kukiliniki, ndi yemweyo akumukwirirayo. Onse ankayamikira Esnati aja, ndani anamufunsapo Esnatiyo ngati wagona? Mayi wina anandigwira pakamwa. Mafosholo sanaime.

Madzulo anthu atabalalika, nyumba inali zii. Chitseko cha Yohane ndinachipeza chomangidwa ndi waya kunja, ngati khola la mbuzi. Ndinamasula wayayo. Anali atakhala pabedi atavala jekete. Munthu amene timachita kumuchonderera kuti asambe anali atapesa tsitsi, nsapato atapolisha yekha.

"Achemwali," anatero, "tinyamuka nthawi yanji?"