A Kucera ndi ng'ombe za eni

A Orval Kucera anali mlimi wa chimanga ndi ng'ombe kunja kwa Tilford, katauni kathu ka ku Nebraska. Anali bambo wamtali, wosayankhulayankhula, koma wa ana ambiri, ndipo omaliza anabwera atatu pakamodzi, onse aakazi.

Kwathu kuno matimu a sekondale amagawidwa potengera kuchuluka kwa ana pasukulu. Pa mpira wathu wa ku America, wogwira ndi manja ndi kugwetsana, sukulu zing'onozing'ono zimasewera anyamata asanu ndi atatu mbali iliyonse, zikuluzikulu khumi ndi mmodzi. Ife tinali m'gulu la ang'onoang'ono, ndipo kumeneko ankatiopa. Chaka chimene atsikana atatu aja analowa sekondale, a bungwe la masewera anawerenga ana n'kupeza kuti tadutsa malire ndi awiri okha. Basi, anatikweza.

M'mawa wotsatira a Kucera atalowa m'lesitilanti kudzamwa khofi, amuna onse anatembenuka.

"Afika eni mlandu," anatero a Wendell, ogulitsa mathirakitala. "Achimwene, simukanangobereka mmodzimmodzi ngati anzanu?"

"Kafunseni mayi akunyumba," anayankha a Kucera.

"Akanakhala anyamata bwenzi takukhululukirani. Koma atatu onse oimba malipenga m'bandi!"

A Kucera anaseka nawo, koma mawuwo anawalowa. Atapita kukaona a Lindqvist, mphunzitsi wa timu, anamva kuti osewera sakukwana. Anyamata analipo ndithu m'mafamu, kungoti makolo ankawafuna kukhola akangoweruka. A Kucera anakwera kagalimoto kawo kofiira n'kuyamba kuyenda famu ndi famu.

"Mwana wanuyu azipita ku mpira," anauza a Hruska, mnansi wawo wouma mutu. "Ng'ombe zanu ndizidyetsa ine."

"Inu? Nanga zanu adyetse ndani?"

"Mwaiwala kale? Ndine wa ana ambiri uja."

Nyengo yonse yokolola, dzuwa likapendeka, kagalimoto kaja kankaoneka pamakola a eni. Kwina nkhunzi inawapirikitsa mpaka anakwera padenga la shedi, n'kukhala pomwepo kudikira eni ake abwere. Akazi awo, mayi Marlys, anayamba kuwavulitsa nsapato ndi jekete pakhonde chifukwa cha fungo la ndowe.

Timu inakwana, koma kugonja kwake! Sukulu zikuluzikulu zinkabwera ndi mabasi awiri, anyamata ake ngati makabati. Athu ankagwetsedwa, kudzuka, kugwetsedwanso, uku bandi ikuliza malipenga ngati zinthu zili bwino.

Pamasewera omaliza kunazizira koopsa. Mpira unapulumuka m'manja mwa mdani n'kugubuduzikira kuseri kwa mzere wawo, ndipo mwana wa a Hruska, mnyamata wojintcha amene sankathamanga n'komwe, anangodzigwetsa pamwamba pake. Pa mpira wathuwu, chimenecho ndi chigoli. Tinapambana. Anthu anakhamukira m'bwalo, ena akulira, a Wendell akukumbatira aliyense.

A Kucera sanaone zimenezi. Anali m'khola la a Hruska, dzanja lonse lili m'mimba mwa ng'ombe imene inkavutika kubereka. Anangomva mahutala a magalimoto akulira kuchokera kutauni, n'kuganiza kuti kwina kwabuka moto.

A Hruska anafika mawu atasasa ndi kukuwa, n'kupeza kathole kataima njenjenje pa udzu.

"Tawina, achimwene! Mwana wanga wagoletsa!"

"Zabwino zimenezo," anatero a Kucera. "Tandipatsirani ndowa ya madzi otentha."

Kathole kaja a Hruska anakatcha Orval, ndipo anakana kukagulitsa mpaka kanakalamba.