Ndelema wa Pansi pa Thundu

Zimene ndinataya ndi izi: mkazi wanga, Tiyamike. Nyimbo zake za m'bafa. Mapazi ozizira amene ankabisa pansi pa miyendo yanga. Munthu yekhayo ku England konse amene ankanditchula kuti "aphunzitsi" pofuna kundiseka. Njira yodutsa m'paki, imene masiku ano ndimailambalala.

Ganizo lochoka linali lake. Ine ndinali nditamaliza maphunziro a zankhalango, ndipo kwa zaka zitatu ndinkalemba makalata ofunsira ntchito amene sankayankhidwa. Tiyamike anamva kwa mnzake wa kutchalitchi kuti ku England akufuna anthu osamalira okalamba. Anandiuza kuti munthu wodziwa kusamalira mitengo yokalamba sangalephere agogo a eni ake. Tinafika ku Wakefield mu Januwale, n'kupeza chipinda pamwamba pa sitolo. Tinkagwira ntchito malo amodzi koma mashifiti osiyana, moti masiku ambiri tinkangokumana pa masitepe, wina akulowa wina akutuluka. Mwezi ukatha tinkatumiza kangachepe kwa amayi ake ku Dedza. Pa foni tinkawauza kuti zonse zili bwino, zimene sizinali zabodza kwenikweni, kungoti kunali phee kwambiri.

Tsiku lopuma tonse linali Lamlungu. Tikaweruka kutchalitchi tinkadzera m'paki, ndipo pakati pake panali chimtengo chachikulu chopanda ndi tsamba limodzi lomwe. Tiyamike anachiyang'ana n'kufunsa ngati dziko lino lilibe anthu otola nkhuni. Ndinamuuza kuti mtengowo sunafe, wangogona. Ndinabwereka buku ku laibulale n'kupeza kuti unali thundu, mtengo umene kwathu timangoumva dzina kutchalitchi.

Masamba atatuluka ndinayamba kumuphunzitsa, iye akuchita ngati sakumva. Ndinamuonetsa m'mphepete mwa tsamba mokhotakhota, ndi timakutu tiwiri pafupi ndi phesi. Njere zake, zokhala pa kaphesi katali, anazitcha tiana ta zipewa. Tsiku lina anathyola kampira kofiirira pa nthambi poganiza kuti ndi chipatso, n'kukaswa ndi mano. M'kati munali kamphutsi koyera. Analavula kwa nthawi yaitali. Ndinamufotokozera kuti kamavu kakang'ono kamaikira dzira pa mphukira, mtengo n'kutupa pamenepo, kumangira kamphutsiko nyumba yokhala ndi chakudya chake chomwe.

"Mlendo wosalipira lendi, mwini nyumba n'kumamudyetsanso?" anatero. "Aphunzitsi, mukawauze zimenezi alandilodi athu."

Kuyambira pamenepo ndi iye ankayamba kuona zinthu. Anapeza timabatani tophwatalala kunsi kwa masamba, tomwenso ndi nyumba za mavu. Anapeza timbozi tobiriwira tolendewera pa ulusi, n'kudandaula kuti n'tochepa, sitingafanane ndi mphalabungu. Pa thunthu panamera bowa wofiira ngati nyama yaiwisi, koma ameneyo sanamulabadire. Anati bowa wa pa mtengo ndi wongoonera, weniweni amatuluka pansi. Za bowa ankazidziwa kuposa ine. Anakula akulowa m'nkhalango ndi amayi ake dzinja lililonse, pamene ine, mwana wa m'tauni, bowa sindinkamuika n'komwe m'kamwa. Nkhani imeneyi ankaisimba paliponse, kuti anakwatiwa ndi katswiri wa nkhalango woopa ndiwo.

Ndiye Lamlungu lina ndinanena mawu amene ndakhala nawo mpaka lero. Ndinkafotokoza kuti mizu ya thundu imagawana chakudya ndi bowa pansi pa nthaka, monga imachitira mizu ya mombo ndi ndelema kwathu. Ndinamenya thunthu ndi dzanja n'kunena kuti, "Uwu ndi mombo wa kuno." Nkhope yake inawala. Ndinakondwa kuti kamodzi kokha ndamupatsa phunziro limene walikonda.

Mu Okutobala, ine ndili kuntchito, anapeza bowa pansi pa mtengowo. Anali wotuwa, woyera kunsi, wotuluka m'kathumba ngati dzira, monga atulukira ndelema. Anaphika ndi tomato n'kudya yekha. M'mawa mwake anayamba kusanza. Tsiku lachitatu, ali m'chipatala, anaoneka ngati wachira, mpaka anapempha mafuta odzola. Kenako chiwindi chinaleka kugwira ntchito. Sabata sinathe.

Dokotala atandionetsa chithunzi cha bowayo ndinamuzindikira. Anali m'buku lomwe lija, ndipo analemba momveka kuti amapha, amakonda kumera pansi pa thundu. Ndinali nditawerenga. Sindinaone chifukwa chouzira Tiyamike za bowa.

Pa maliro ku Dedza ndinauza abale kuti anali matenda a chiwindi. Palibe anafunsa zambiri. Ndinabwerera ku Wakefield, ndipo chaka chonse ndinkasambitsa okalamba, kuwadyetsa, kuwapesa, n'kumakonza m'mutima mmene ndidzawauzire apongozi kuti mwana wawo sanangodwala, ndi ine ndinamulozera mtengo. Akaimba foni ndinkafunsa za mvula.

Ndinapitanso mu Disembala wotsatira kukamanga chiliza. Ntchito itatha anthu anabalalika. Tsiku lachiwiri m'mawa apongozi anatulukira kuchokera kunkhalango atasenza lichero la ndelema wokagulitsa kumsewu. Kwawoko mkamwini sakhala pafupi ndi apongozi ake, ndipo sayang'anana nawo m'maso. Iwo anakhala pa mkeka pafupi ndi khitchini atandipatsa mbali, ine pa mpando pafupi ndi nkhokwe. Ndili mnyamata wa ku koleji mwambo umenewu ndinkauona ngati wachikale. Tsiku limenelo ndinauthokoza, chifukwa zimene ndinali nazo sindikanatha kuzinena ndikuwayang'ana.

Ndinanena zonse ndikuyang'ana nsapato zanga: paki, mtengo, buku, ndi mawu anga aja. Iwo anapitiriza kupala dothi pa tsinde la bowa ndi kampeni. Nditamaliza anandifunsa za mtengowo, masamba ake, khungwa lake, ngati umachita luzi. Ndinayankha kuti ayi, luzi ulibe. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti ndiye si mombo, ngati kuti tikungokonza pamene mwana walakwitsa m'kalasi.

Kenako anaika kampeni pansi.

"Bambo, ananditumizira chithunzi tsiku lomwelo, asanaphike. Anafunsa kuti, amayi, si ndelema uyu? Ndinayang'ana pa kafoni kanga kosweka galasi kaja. Ndinati ndi yemweyo, mwana wanga, thira tomato wambiri."

Anapitiriza kunena kuti pa maliro, nditatchula chiwindi, anadziwa. Anangoganiza kuti ine sindikudziwa, ndiye anasankha kundisiya choncho kuti ndisamadane ndi mayi wa mkazi wanga. Anati ndelema amamuzulabe chifukwa ndiye sopo ndi mchere wa pakhomo, koma chichokereni Tiyamike sanamulawepo.

Ndinali nditabwera ndi mlandu wanga kuchokera kutali, ndikuganiza kuti kumudzi kuli anthu osadziwa kanthu amene akudikira kumva zoona kwa ine. Ndinapeza kuti chaka chonsecho, pa foni iliyonse yofunsana za mvula, aliyense wa ife ankatchinjiriza mnzake. Palibe anauza mnzake kuti alibe mlandu. Anangokankhira lichero chapakati, ine n'kusuntha mpando pang'ono, kuposa mmene mwambo umalolera, ndipo anandionetsa timizere ta m'mphepete mwa chipewa cha ndelema, timene Tiyamike ali wamng'ono ankatiwerenga ndi chala. Anandisimbira mmene ankathamangira patsogolo m'nkhalango, n'kumakuwa kuti wapeza asanapeze, pofuna kuti ana ena akhumudwe. Tinaseka tonse, aliyense akuyang'ana kwake.

Atatenganso kampeni, anandifunsa ngati mwana wawo ananenapo kanthu kumapeto. Mawu amenewo ndinali ndisanauzepo munthu. Ndinkawaona ngati manyazi a Tiyamike, katswiri wa bowa amene walakwitsa, ndipo m'mawa umenewo ndi pamene ndinazindikira kuti ankaganizira amayi ake. M'chipatala muja Tiyamike anali atatopa kwambiri, maso atachita chikasu, koma anandikoka mkono wa malaya kuti ndiwerame.

"Amayi musakawauze za bowa uja. Adzaleka kudya, ndiye amamukonda."