Mkazi Amene Ankayimba Chotsinzina

Tsiku limene Graciete anagwa pasiteji ku Lisbon, anthu amene anaseka analipo khumi ndi awiri. Anawawerenga atadzuka, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene maso ake anali otsegula.

Anali ndi zaka 34, ndipo ankagulitsa nsomba pamsika wa ku Setúbal pamodzi ndi amayi ake, a Idalina. Mawu anali nawo, zimenezo palibe ankatsutsa. Koma anakulira m'nyimbo zathu zachisoni zotchedwa fado, ndipo kwathu kuno woyimba fado amaima pamodzimodzi, manja atagwira shawelo yakuda, maso atatsinzina. Tonse tinaphunzitsidwa kuti nyimbo yachisoni imachokera mkati, ndiye kunjaku ukuyang'anako chiyani?

Tsono ku Lisbon kuja kunalibe za fado. Anali mayeso a sewero lanyimbo, lija anthu amayimba uku akuyenda, akuyankhana. A Baltazar, mkulu wa sewerolo, ankafuna munthu wosewera mbali ya mwana amene akutsanzika amayi ake popita kutali. Anamuuza kuti ayimbe akuyenda kupita kwa a Eulália, mayi wachikulire amene ankasewera mbali ya amayiwo. Piyano itangoyamba, zikope za Graciete zinatsika zokha. Anayenda, anawadutsa a Eulália ali chitambasulire manja, n'kukagwera pamipando yakutsogolo.

"Chemwali, mawu anuwo ndikuwafuna," anatero a Baltazar anthu atatha kuseka. "Koma pano simukudziyimbira nokha, mukuyimbira mayi awa. Mubwerenso pakatha masabata atatu. Mukadzatsinzinanso, tidzatsanzikana mwamtendere."

Aka kanali kachisanu ndi chimodzi kuyesa mwayi, ndipo Graciete anali atalonjeza kunyumba kuti n'komaliza. Zala za a Idalina zinali zitayamba kuuma, mpeni sunkagwirikanso bwino. Akalephera, benchi ya nsomba ikhala yake mpaka imvi. Anakwera sitima yobwerera kwawo bondo likuwawa, koma chimene chinkamuwawa kwambiri ndi mantha.

Atafika kunyumba anayesa kuyimba akuyang'ana pagalasi. Mawu anakana. Mpweya unkathera pakati pa mzere. Akatsinzina, nyimbo inkabwera yonse. Akatsegula, inkathawa. Sabata yoyamba inatha choncho.

M'mawa wina akupala nsomba, amayi ake anaika mpeni pansi.

"Iwe, galasi silinagulepo tikiti. Yimbira ineyo."

"Pano amayi? Pamsika?"

"Eya, pompano. Unagwa kale pamaso pa anthu a ku Lisbon, ndiye ukuopa ogula nsomba?"

Graciete anayamba, maso ali tong'o. A Anacleto, bambo amene ankagula pabenchipo tsiku lililonse, anapukusa mutu.

"Fado yanji imeneyi, yotong'ola maso ngati nsomba ili pa ayezi?"

"Tatengani nsomba zanuzo muzipita," anatero a Idalina. "Inu munayimbapo chiyani chibadwire, kupatula kutsokomola?"

Anthu anaseka, Graciete anafuna kulowa pansi. Mawa lake anayimbanso, mkuja anayimbanso. Tsiku lina ankafika mizere iwiri zikope n'kutsika, tsiku lina inayi. Akangotsinzina, amayi ake ankamenya sikelo ndi mpeni, iye n'kuyambiranso.

Sabata yachitatu ili pakati, anafika kumapeto kwa nyimbo koyamba osatsinzina. Ndipo anaona chinthu chimene sanachionepo zaka makumi awiri zonse zimene ankayimba: milomo ya amayi ake inkayenda limodzi ndi yake, liwu ndi liwu, misozi ikutsikira pa epuloni.

"Mumatero nthawi zonse?" anafunsa.

"Chiyambire uli ndi zaka khumi ndi zinayi. Ukanadziwa bwanji, poti sunkandiyang'ana?"

Graciete anamva manyazi ndi chisoni nthawi imodzi. Anapitiriza kupala nsomba.

Musaganize kuti mantha anathera pomwepo. Tsiku la mayeso anakwera sitima ya m'mawa akadali nawo. Pamsika ankadziwa nkhope iliyonse, koma ku Lisbon kunali anthu aja khumi ndi awiri, ndipo onse ankakumbukira mmene anagwera. Atakwera pasiteji anamva wina akukankhira mpando wake kumbuyo, kuopa kuti angamugwere.

Piyano inayamba. Mzere woyamba unatuluka wowonda. Pa mzere wachitatu zikope zinayamba kulemera, ndipo mumtima mwake munabwera mawu okoma akuti tangotsinzina pang'ono, nyimbo ibwere. Iye anakana. Anayang'anitsitsa a Eulália, nayamba kuyenda.

Atatsala mapazi atatu kuti awafike, anaona kuti chinachake chalakwika. Dzanja la mayiwo linkanjenjemera, milomo ikufunafuna. Nthawi yawo yoyankha inali itayandikira, ndipo mawu anali atawathawa. Munthu woti wakhala pasiteji zaka makumi anayi, koma tsiku limenelo mutu unaima.

Graciete anawagwira dzanja, anasendeza mphumi yake pafupi ndi yawo ngati mwana wokana kusiyana ndi make, n'kuwanong'oneza mawu awiri oyamba. A Eulália anawagwira mawuwo n'kuyimba, ndipo awiriwo anafika kumapeto atagwirana manja.

Piyano inasiya. A Baltazar anaimirira pang'onopang'ono.

"Anakuuzani ndani kuti muwagwire dzanja?"

Graciete anawatembenukira. Anaganiza kuti walakwitsanso.

"Palibe, bambo. Ndinaona akunjenjemera."

"Munaona," anatero a Baltazar, akugwedeza mutu. "Mbali ija ndi yanu. Lolemba naini koloko m'mawa. Musachedwe."

A Eulália anamufinya dzanja. "Wandivinikira, mwanangu. Masabata atatu apitawo ukanandisiya nditaima pano ngati mtengo."

Papita zaka zisanu ndi zitatu tsopano, ndipo Graciete wasewera m'masewero ambiri. Benchi ija anaipereka kwa msuweni wake. Lamlungu masana a Idalina amakhala pamzere wakutsogolo, milomo ikuyenda, ndipo mwana wawo amawaona.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso munagwa anthu akuona, ndipo phokoso la kuseka kwawo likadali m'makutu. Mwina chimene chikukugwetsani ndi chizolowezi chomwe munakula nacho, chimene aliyense kwanu amachiyamikira. Kuchisiya sikudzakhala kophweka, ndipo mantha mudzakwera nawo sitima imodzi. Kwerani nawo basi. Graciete anapita akunjenjemera, ndipo kumeneko anakapeza mnzake amene ankanjenjemera kuposa iye.

Musataye mtima. Dzukani pomwe mwagwerapo, ndipo ulendo uno muyende mutatsegula maso.