Khomo la Orville la M'garaja

Mnansi wanga Orville Tackett wakwawa pansi pa nyumba yake chikwatirire Lurleen. Kuno kumapiri a Tennessee nyumba zimakhala pamwamba pa maziko, ndipo mapaipi a madzi amadutsa mumpata wapansipo, momwe munthu amangoyenda chafufumimba. Pokakonza mapaipiwo, Orville ankalowera pakabowo ka kuseri akadali wowonda ngati nsungwi. Zaka zinapita, mimba inabwera, koma kabowo sikanakule. Chaka chatha anakanirira pamenepo mpaka ozimitsa moto anachita kudzamukoka miyendo, msewu wonse ukuonerera.

"Bambo inu, mukadzangokaniriranso, nyumba ino tigulitsa," anatero Lurleen tsiku lomwelo. "Tikakhala kwa Darla m'tauni, kopanda kokwawa."

Darla ndi mwana wawo, ndipo Orville amamukonda. Koma nyumbayi anaimanga yekha, thabwa ndi thabwa, ndiye mawu aja anamulasa mtima. Anaganiza zoboola khoma la maziko kuchokera m'garaja, aike khomo lake lolowera pansipo.

Anabwereka makina anga odulira mabuloko. Ntchito amaidziwa munthuyu, lintala yochirikiza khoma pamwamba pa khomolo anaika yolimba bwino. Vuto lake ndi kuumira.

"Khoma ili lasenza nyumba, Harlan," anandiuza. "Sindidula buloko ngakhale limodzi popanda chifukwa."

Basi anatenga tepi, nayeza mimba yake, nawonjezera zala ziwiri.

"Achimwene, onjezeraniko pang'ono," ndinamuchonderera.

"Iwe, thupi ndi langa ili. Ndimalidziwa."

Analidziwadi, koma la mu Okutobala. Ife kuno kuyambira chikondwerero cha tsiku lothokoza mu Novembala mpaka Khirisimasi pakamwa sipapuma: nkhukundembo, nyama ya nkhumba, mbatata zothira shuga, chitumbuwa cha maungu. Ndipo Lurleen akaphika, munthu sukana.

Mu Januwale chisanu chinavuta. M'mawa wina madzi anaundana mupaipi ya kukhitchini, ndipo paipi yotere ukaizengereza imaphulika. Orville anatenga makina a mkazi wake oumitsira tsitsi kuti akaitenthetse, nalowa pakhomo lake latsopano. Mutu unalowa, mapewa analowa, mimba inakana. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi.

Ine ndinabwera kudzatenga makina anga, ndinangopeza miyendo iwiri ikupalasa pasimenti.

"Harlan, ndiwe? Koka mwakachetechete, mayi asamve!"

Ndinakoka, nsapato inavuka, ndinakagwera pandowa. Podzuka ndinaona Lurleen ataima pakhomo la kukhitchini, manja ali m'chiuno. Ndinamumvera chisoni mnzanga, chifukwa mayi ameneyu sabweza mawu.

Lurleen anatenga tochi, nazungulira kuseri, nalowa pakabowo kakale kaja, poti iye thupi lake likadali lomwe lija. Kanali koyamba kulowa pansi pa nyumba yake. Anakwawa mpaka anakumana ndi mwamuna wake maso ndi maso, ine ndikumva zonse m'garaja.

"Bweretsani makina a tsitsiwo kuno," anatero Lurleen.

Kenaka:

"Orville! Juzi yanga yofiira ija munati yabedwa pachingwe, si iyi yakulunga paipiyi?"

"Ndi ubweya weniweni, mayi. Paipi imafunda bwino."

"Nanga iyi? Ndinavala pa ukwati wa Darla iyi!"

"Pamenepo ndi pokhota, pamazizira kwambiri."

Mapaipi onse anali atavala majuzi a Lurleen, omangidwa bwinobwino ndi waya, ena a zaka za unamwali wake. Imene inaundana inali yokhayo yopanda chovala, poti chaka chino mayiyu ankakhoma kabati yake. Anaitenthetsa mpaka madzi anamveka akuyenda, kenaka anavula juzi yomwe anavala n'kuikulunga pomwepo.

Orville tinamuzula pomupaka mafuta ophikira m'nthiti. Anaima m'garaja nsapato imodzi, maso pansi, kudikira chigamulo. Lurleen anatulukira ali dothi lokhalokha, akunjenjemera ndi chisanu.

"Ndiimbire Darla ndine?" anafunsa Orville ndi mawu otsika.

"Mukamuuze chiyani? Ndikapita bwanji m'tauni, zovala zanga zonse yavala ndi nyumba ino?"

Orville anapukuta m'maso ndi dzanja lamafuta lija. Lurleen anatembenukira kwa ine.

"A Harlan, makinawo musapite nawo. Mudule mabuloko ena awiri, ndipo muyeze nokha. Khirisimasi ikubweranso."