Miyala ya Mlatho wa Papulazi

"Amake khanda, thirakitala yakwera kuphiri m'mawawu, mwaiona?" Anandifunsa chonchi mnansi wanga, mayi wa ku Tete amene tinayandikana naye nyumba pakomboni. Ine ndinali kuchapa matewera kuseri. Ndinati sindinaione. "Yatsika ndi miyala ya mpanda uja," anatero. Manja anga analeka okha kuchapa.

Anali masiku oyambirira a Chitaganya, papulazi ya fodya kufupi ndi Raffingora. Mzungu wa pulaziyo ankafuna mlatho pakamtsinje ka kumunsi, chifukwa dzinja lililonse lole inkatitimira pamenepo. Miyala anaipeza pafupi. Pamwamba pa phiri panali mpanda wakalekale, wa miyala yosanjikiza popanda dothi kapena simenti, wautali kuposa munthu. Mbali ina omanga akalewo anaipendeketsa miyalayo mokhotakhota, ngati mphini zimene mayi anga anali nazo pamasaya. Anzathu achishona ankati ndi wa makolo awo, ndipo podutsa ankaomba m'manja.

Ife obwera tinalinso ndi chathu kumeneko, koma amuna sankachidziwa. Kwathu, mwana wobadwa wakufa kale, mtayo, amaikidwa ndi akazi okhaokha. Salira maliro, ndipo mwamuna sauzidwa malo. Papulazi ya eni tikanamuika kuti? Kumunda khasu likanamufukula, kudambo agalu. Akazi amene anatitsogolera kufika kuno anasankha mthunzi wa mpanda uja, pamene pulawo siifika. Wanga woyamba anagona pamenepo, pangodya ya kum'mawa. Mnansi wangayo ndi amene anamunyamula, ndipo anavundikirapo phale kuti ndizidziwa malo.

Madzulo tinakwera akazi angapo ngati tikupita ku nkhuni. Ngodya ya kum'mawa kunalibe. Matayala anali atapondaponda pansi, phale osaoneka. Ndinagwada n'kufufuza ndi manja mpaka mnansi wanga anandigwira phewa. "Dzukani, mwana ali kumsanayu akufuna bere. Taonani uko, enawo akadali bwino." Zinali zoona. Mapale a anzanga anali chivundikirire m'mbali monse mwa mpanda. Koma thirakitala inali yoti ibwerenso.

M'mawa tinamudikirira foromani panjira ya kumabani, nyumba zoumitsira fodya. Anali bambo wa ku Dedza, wokonda nthabwala.

"Ee, mpingo wonsewu? Kwabwera abusa kodi?"

"Bambo, tabwerera miyala ya mlatho," ndinatero ine.

"Akazi inu mwayamba liti kumanga milatho? Mawa mudzandilanda chipewachi."

Mayi wa ku Tete sanaseke. "Kuphiri kuja n'kwa akazi, bambo."

Foromani anavula chipewa chija n'kuyang'ana m'kati mwake ngati muli kanthu. "Ndamva, amayi. Nanga mzungu ndikamuuza chiyani? Iye akufuna miyala mvula isanagwe."

"Mukamuuze kuti miyala ibwera," ndinatero.

Kuseri kwa phiri kunali chigwembe chodzaza miyala, koma thirakitala sikanatha kulowako. Tinati tidzatuta ife pamutu, tikamaliza mugwazo, ntchito ya tsiku imene ankatipimira. Mzungu atamva akuti anangokweza mapewa. Kwa iye mwala unali mwala.

Unali mwezi wa dzuwa loswa mtengo. Tinkaweruka ku nazale ya fodya misana itauma, n'kupinda nkhata, ulendo wa kuchigwembe. Mwala pamutu, mwana kumsana. Njira inali yotsetsereka, ndipo miyala inkatentha ngati yaphulidwa pamoto. Tinkaimba nyimbo za kutchalitchi, zikatha tinkanyozana. "Kamwala kameneko n'kosinjira tsabola, achemwali!" Wonenedwayo ankayankha kuti khosi ndi lake, sanabwereke.

Bambo a mwana wanga poyamba anakalipa. "Mwapenga kodi? Miyala ili phee pamwamba apo, inu n'kumakathyoka makosi kuchigwembe?" Ndinangoti, "N'za akazi." Sanafunsenso. Loweruka masana ndinawaona akutsika ndi nyundo yaikulu, anzawo awiri pambuyo. Anatiswera miyala ikuluikulu n'kuiunjika m'mbali mwa njira.

Dimba langa la kudambo ndinalibe nthawi yolithirira. Mpiru unauma, matimati anagwa ali aawisi. Tsitsi la pakati pamutu linasosoka. Koma mulu wa pamtsinje unkakula, amisiri n'kumamanga, ndipo mvula yoyamba inapeza mlatho utatha. Tsiku limene lole inawoloka madzi akusefukira pansi pake, tinaima patali n'kululutira. Dalaivala anayesa tikululutira iye, mpaka anatiimbira hutala.

Patapita zaka zingapo kunabwera azungu a boma ochokera ku Salisbury. Anayeza mpanda ndi chingwe, anaujambula, kenako anakhoma chikwangwani chachitsulo choletsa kuchotsapo mwala ngakhale umodzi. Ndinachiwerenga ndekha, n'kuwamasulira anzanga. Tsopano alendo amabwera pa galimoto kudzauona, ndipo amawolokera pa mlatho wathu. Amatamanda amene anamanga mpandawo, ndipo n'zoyenera, anali amisiri. Sadziwa kuti unatsala bwanji. Ine ndikamapita ku chigayo ndi mwana wanga, amene tsopano amayenda yekha, ndimamuuza kuti aponde mwamphamvu pamlathopo, miyala yake ndi ya amake.

Zimene zinatayika ndi izi: ngodya imodzi ya mpanda, dimba la chaka chimodzi, tsitsi langa la pakati pamutu limene silinamerenso, ndi phale lija. Malo enieni pamene anagona woyamba wanga sindiwadziwanso.