Dothi la pa Manda a Dalitso

Ndinadzuka kunja kudakali mdima, msana ukuwawa chifukwa chogona pansi. Amayi a mvano anachezera kuimba m'nyumba ya malemu mwana wanga Dalitso ku Bowie, ku Amerika, ndipo ena anali akusinza atatsamira khoma. Kuno salola kusonkha moto pabwalo, choncho ophika anayatsa mbaula za gasi m'galaja, mpunga ndi nkhuku zili pamoto. Kunkagwa kamvula kozizira. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha anthu amenewa, poti ambiri anabwera kuchokera kosamala odwala osapumako.

Kutacha, magalimoto anadzaza msewu wonse. Kenaka anafika anzake a ku Rockville, kumene Dalitso ankayeza tizidutswa ta mnofu wa odwala pa makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Patsogolo panali abwana ake, mayi wachizungu waimvi. Adzukulu anga anamuthamangira n'kumukumbatira. Ine agogo awo, chibwerereni kuchokera kumudzi, amangondipatsa moni wapatali. Mtima unandiwawa, sindibisa ayi.

M'tchalitchi mayiyo anapatsidwa mpata wolankhula, mpongozi wanga akundimasulira. Anati Dalitso ankakonda nkhani ya dokotala wina wakalekale wa ku Italy, amene anayamba kuona timitsempha ta magazi tochepa kuposa tsitsi m'mapapo a chule. Adani ake anamutenthera nyumba, koma iye ntchito sanaisiye. Akuti aliyense wongoyamba kumene ntchito ankauzidwa nkhaniyi, mpaka anzake anamutcha Dalitsoyo dzina loti Achule. Anthu anaseka misozi ili m'maso. Ine sindinaseke. Pafoni mwana wanga ankangondifunsa za mankhwala anga ndi feteleza basi. Za chule sanandiuzepo.

Tinapita kumanda pa mdipiti wa magalimoto, nyali zili zoyaka masanasana. Bokosi litatsitsidwa, mkulu wa mpingo anati dothi aponye achibale okha, monga timachitira kwathu. Mpongozi wanga anandinong'oneza, "Amayi, abwana ake aja ndiwo ankamudwazika kuchipatala, inu mapepala anu a ulendo asanatuluke. Muwalole?"

Ndinafumbata dothi m'manja. Ndinamubereka ndine, ndipo ndinkafuna chinthu chimodzi chokhachi chikhale changa. Mayiyo anaima kumbuyo kwa anthu, alibe ambulera, atanyowa. Ndinaponya theka la dothi langa, ndinamukodola, theka linalo n'kumuikira m'dzanja. Kumaso sindinamuyang'ane.

Madzulo anthu anabalalika, mipando yobwereka inabwezedwa, m'nyumba munangoti zii. Mayiyo anatsalira kutsuka mbale, ndipo sanafunse munthu pamene makapu amakhala. Anandipangira tiyi m'kapu imene Dalitso ankamwera. Ine sindinkaidziwa n'komwe. Ndinamwa, ndinathokoza.

Atapita ndinagwada pambali pa bedi. Ndinati, Ambuye, zikomo pomupatsa mwana wanga mayi wina kuno kutali. Koma nsanjeyi muichotse Inu nomwe, ine ndekha yandikanika.